Kusintha minibasi ya ana asukulu kuti iziyendera magetsi: zomwe tachita ndi zomwe zatigwera

14 Juni 2024. Injini yafa

Ndimayang'anira magalimoto a sukulu ina yapulayimale yomwe si yaboma mumzinda wa Blantyre muno, ndipo tili ndi maminibasi atatu a Toyota HiAce onyamula ana m'mawa ndi masana. Yakale kwambiri mwa atatuwa, ya injini ya 5L ya dizilo ya malita atatu, inagogoda sabata yatha pokwera kuchokera ku Chirimba ana ali momwemo, ndipo amakaniko athu atatsegula anapeza kuti palibe chokonzeka. Injini ina yogwiritsidwapo kale ntchito anatiuza kuti ndi K3,500,000, popanda wotitsimikizira kuti idzatha chaka. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dizilo tikugula K2,734 pa lita, ndipo minibasiyi imamwa malita 6 pa tsiku pa mtunda wa makilomita 48. Komiti ya sukulu yavomera kuti tiyesere pa galimoto yakufayi kuikamo mota ndi batire m'malo mwa injini, chifukwa tikalephera tikhala titataya ndalama koma osati galimoto yoyenda. Ine chomwe chinandikankha kwambiri ndi utsi wa pageti m'mawa, pomwe maminibasi atatu amalira pamodzi ana a sitandade 1 akudutsa kumbuyo kwake, mphuno zawo zili pa msinkhu weniweni wa paipi ya utsi.

Njira yathu ndi yotere. M'mawa galimoto imachoka kusukulu ili yopanda anthu, n'kutsetsereka mpaka ku Machinjiri, kenako imabwerera yodzaza kudzera ku Chirimba ndi Chemusa. Mbali ya ku Chileka ndi yotsika poyerekeza ndi pakati pa mzinda, choncho ulendo wa m'mawa ndi wokwera mtunda ndi katundu yense, pomwe wa masana ndi wotsetsereka ndi ana n'kubwerera chimanjamanja. Ulendo uliwonse ndi makilomita 24, ndipo pakati pa maulendo awiriwa galimoto imangokhala pabwalo maola oposa asanu, omwe ndi nthawi yokwanira kutchaja.

9 Julayi 2024. Tagula Nissan Leaf yangozi

Kuitanitsa batire kuchokera kunja tinakuleka msanga, chifukwa mabatire a lithium amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa pa sitima ndi pa ndege, ndipo mapepala ake pamodzi ndi vuto la ndalama zakunja zikanatidyera miyezi. Tinasaka Nissan Leaf yomwe inalowa kale m'dziko muno, ndipo tinaipeza ku Lilongwe, ya 2015, itaphwanyika kumbuyo koma kutsogolo ndi pansi pali bwino. Tinalipira K5,800,000, ndi K450,000 yoinyamulira pa lole kudzera ku Zalewa.

Tisanapereke ndalama, amisiri athu a zamagetsi anabaya kachipangizo pa soketi ya OBD, yomwe amakaniko amawerengerapo kompyuta ya galimoto, n'kuwerenga batire ndi pulogalamu ya LeafSpy pafoni. Inaonetsa kuti batire yatsala ndi 74 peresenti ya mphamvu yomwe inali nayo ili yatsopano, ndipo padeshibodi panali timizere 10 mwa 12. Batire ya Leaf ya chaka chimenechi ndi ya 24 kWh (kWh imodzi ndi yunitsi imodzi ya magetsi), ili ndi timabokosi 48 tolemera pafupifupi makilogalamu 3.8 kalikonse, ndipo tonse pamodzi timapereka mavoliti 360, kufika cha m'ma 400 ikadzaza. Powerengera kukalamba kwake, tili ndi mphamvu yogwiritsika ya 15 kapena 16 kWh. Aliyense wofuna kutsatira njira yathuyi asagule Leaf osaiwerenga chonchi, ngakhale wogulitsa alumbire motani, chifukwa batire yotopa ndi yabwino zimaoneka chimodzimodzi kunja.

29 Julayi 2024. Kuphwasula

Sukulu yatsekera, ndipo tatulutsa injini, thanki ya mafuta, paipi ya utsi ndi zosefera zonse. Giyabokosi tayisiya. Injini yakufa ija yagulidwa K600,000 ndi anthu ogulitsa sipeya. Ku Leaf tachotsako mota ya EM57, inverter (chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota), bokosi lomwe muli chaja ndi chotsitsira magetsi kuti afike pa mavoliti 12, pedulo ya moto, mpope wa madzi, ndi mawaya onse a olenji. Zotsala za Leaf, monga zitseko, magalasi, mipando ndi matayala, zatibwezera K900,000.

Pochotsa batire lamulo loyamba linali kuzula pulagi ya chitetezo yomwe ili pakati pa galimoto, yomwe imadula batire pawiri, n'kudikira mphindi khumi kuti inverter itaye magetsi omwe imasunga. Amisiri anavala magolovesi a labala oyenera magetsi amphamvu, osati a m'khichini, ndipo masipanala onse tinawakulunga tepi. Mnyamata wina wothandiza pagalaja anabwera atavala wotchi yachitsulo, ndipo anauzidwa kuti akaivule asanayandikire tebulo.

12 Ogasiti 2024. Kulumikiza mota ndi giyabokosi

Mu Leaf, mota, inverter ndi bokosi la chaja zimasanjikizana ngati mapoto, koma mu HiAce injini imakhala pansi pa mipando yakutsogolo pomwe mpata wopita m'mwamba ndi wochepa. Zitatuzi sizinakwane, choncho bokosi la chaja talisuntha n'kulimangirira pambali pomwe panali chosefera mpweya, ndipo tatalikitsa mawaya ake.

Pakati pa mota ndi giyabokosi pamafunika mbale yachitsulo yokhala ndi mabowo ogwirizana ndi mbali zonse ziwiri, komanso cholumikizira ma shafiti awiriwo. Tinajambula pa katoni, n'kupita nazo kwa anthu osema zitsulo pa makina cha ku Makata, omwe anatipangira mbale ya aluminiyamu ya mamilimita 20 ndi cholumikizira, zonse K380,000. Kilatchi tinaichotseratu, koma tinadula kapakati kake ka mano n'kukawotcherera ku cholumikiziracho kuti kagwire shafiti ya giyabokosi. Atamangirira, amakaniko anazungulitsa ndi dzanja n'kunena kuti zili bwino, ndipo ine, chifukwa chofuna kuthamangira kutsegulira kwa sukulu, sindinaumirire kuti tiyeze ndi geji ngati ma shafiti awiriwa alidi pa mzere umodzi. Ndikulemba zimenezi pano chifukwa mtima wanga sukukhazikika nazo.

26 Ogasiti 2024. Mabokosi a batire, ndi BMS yomwe tawotcha

Batire ya Leaf monga momwe ilili ndi yotambalala kwambiri, sikanakwana pansi pa HiAce popanda kukhudza shafiti yopita ku difu. Tinaitsegula n'kugawa timabokosi 48 tija m'mabokosi awiri achitsulo, 24 mbali iliyonse. Tinakambirana nthawi yaitali za komwe akhale. Amakaniko ankafuna pansi pa galimoto pomwe panali thanki ndi tayala lapadera, koma adalaivala athu, omwe akhala akuyenda misewu ya ku Machinjiri zaka zambiri, anatikumbutsa momwe miyala imagundira pansi pa galimoto ndi momwe madzi amadzadzira m'makwalala nthawi ya dzinja. Tinagwirizana zoti mabokosi akhale theka m'kati theka kunsi, podula pansi pa mipando iwiri yapakati n'kuwalowetsa kuchokera pamwamba, kenako n'kuvundikira ndi chitsulo chokhala ndi labala m'mphepete kuti mpweya wa m'mabokosi usamalowe komwe kuli ana. Potulukira mpweya tinaloza kunja, kunsi kwa galimoto. Owotcherera a ku Ndirande anatipangira mabokosiwa ndi chitsulo cha mamilimita 2 pa mafelemu a ngodya, ndipo pamodzi ndi penti ndi labala zinakwana K720,000. Mawaya okhuthala, mafyuzi awiri ndi malagi (timitu tachitsulo ta kumapeto kwa mawaya) zinatenga K640,000.

Ngozi yoyamba inachitika pa tsiku lomaliza. Batire ili ndi kakompyuta kake, BMS, komwe kamayang'anira maselo 96 olumikizidwa motsatizana kudzera pa timawaya pafupifupi zana limodzi. Popeza tinasintha masanjidwe a timabokosi, timawaya timeneti tinayenera kutalikitsidwa kamodzikamodzi. Ntchitoyi inatenga masiku atatu, ndipo madzulo a tsiku lachitatu, anthu atatopa, timawaya tiwiri tinasinthanitsidwa. Titabaya pulagi panamveka kaphokoso kakang'ono ndi fungo la pulasitiki wopsa, ndipo BMS inathera pomwepo. Ina yogwiritsidwapo kale ntchito tinaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa wachibale wa mmodzi wa aphunzitsi, pa mtengo wa K350,000, ndipo yatichedwetsa masabata awiri. Tsopano tapanga lamulo loti pulagi ya BMS isabayidwe mpaka anthu awiri osiyana atayeza phini iliyonse ndi mita, wina akuwerenga wina akulemba, ndipo mavoliti azikwera pang'onopang'ono motsatana kuchokera pa phini yoyamba mpaka yomaliza. Zikanachitika chonchi poyamba, kusinthanitsa kuja kukanaoneka m'mphindi zisanu.

13 Seputembala 2024. Mota yazungulira

Inverter ya Leaf siyimvera aliyense ngati siikulandira mauthenga omwe inazolowera kuchokera ku kompyuta ya galimoto yake. Tinagula kakompyuta kolowa m'malo mwake, komwe anthu osintha magalimoto ku Ulaya amagwiritsa ntchito, ndipo kanatifika pa K1,150,000 kuphatikizapo msonkho. Mota ya EM57 ndi ya 80 kW ndipo mphamvu yake yopotokola imafika 254 Nm kuyambira pomwe yangoyamba kuzungulira, pomwe injini ya 5L sinkafika 200 Nm. Imathanso kuzungulira kuposa maulendo 10,000 pa mphindi, zomwe giyabokosi ya dizilo sinapangidwire. Choncho tinaitsekera pa 180 Nm ndi maulendo 4,500 pa mphindi.

Galimoto ili pa majeki, matayala akumbuyo anazungulira koyamba cha m'ma 3 koloko masana. Aphunzitsi aakulu, omwe anabwera kudzaona, anafunsa kuti, "Bambo, mwailiza kale kapena mukudikira ine?" pomwe matayala anali akuzungulira pamaso pawo. Titazimitsa, amisiri anapeza kuti magetsi sanachoke pa inverter. Chosinthira chachikulu, chomwe iwo amachitcha contactor, chinali chitawotchererana chifukwa kakompyuta kanachilumikiza msanga inverter isanadzaze pang'onopang'ono kudzera pa resistor yake, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa. Vuto linali lathu, poti sitinasinthe nthawi yodikira m'makonzedwe a kakompyutako. Tinali ndi china chapadera chochokera mu Leaf momwemo, choncho sitinatayepo ndalama, koma tinaphunzira kuti kuzimitsa kiyi si umboni woti magetsi achoka, umboni ndi mita.

20 Seputembala 2024. Zomwe injini inkachita osatiuza

Pano ndi pomwe ndikufuna anzanga a masukulu ena awerenge modekha, chifukwa pa bajeti yathu yoyamba panalibe chilichonse mwa zinthu izi. Tonse maso athu anali pa mota ndi batire, n'kuiwala kuti injini ya dizilo inkagwira ntchito zina zitatu kupatula kukoka galimoto.

Yoyamba ndi mabuleki. Titatsitsa galimoto pa majeki n'kuiyendetsa pabwalo, pedulo ya buleki inali yolimba ngati mwala, ndipo adalaivala anaimitsa ndi handibuleki pafupi ndi mpanda. Buleki wa HiAce amafewa chifukwa cha mpope woyamwa mpweya womwe umazungulitsidwa ndi injini, ndipo injini itachoka mpope uja unapita nayo. Tinagula mpope wamagetsi wa mavoliti 12, kathanki kosungira, ndi switchi yomwe imauyatsa mpweya ukayamba kulowa, zonse K260,000. Kathankiko n'kofunika chifukwa ngakhale mpope utafa pamtsetse, dalaivala amakhalabe ndi mabuleki ofewa oti apondeko kangapo. Tinaikanso nyale yofiira ndi kabelu padeshibodi zoti zizichenjeza mphamvu yoyamwayo ikachepa. Poyesa tinazula fyuzi ya mpope dala, ndipo tinapeza kuti pedulo imafewa maulendo anayi isanalimbe.

Yachiwiri ndi chiwongolero, chomwenso chinkadalira mpope wa oyilo wa pa lamba wa injini. Tinapeza mpope wamagetsi wochokera m'galimoto ina yaing'ono kwa ogulitsa sipeya ku Ndirande pa K310,000, pamodzi ndi mapaipi omwe anachita kutipindira. Mpope umenewu umakoka magetsi ambiri dalaivala akakhotetsa mpaka kumapeto galimoto itaima, ndipo tsiku loyamba unazimitsa kakompyuta chifukwa tinaulumikiza pa waya umodzi ndi iko. Tsopano uli ndi waya wakewake wochokera ku batire yaing'ono.

Yachitatu ndi kutchaja batire yaing'onoyo, ntchito yomwe inali ya alternator. Bokosi la chaja la Leaf limaichita bwino, bola lilandire lamulo loti liyambe. Ife tinaiwala kulumikiza waya wa lamulolo, ndipo m'mawa wotsatira galimoto yokhala ndi batire yaikulu yodzaza inakana kuyaka chifukwa batire ya mavoliti 12 inali itatheratu. Anthu anaseka, koma zikanachitikira ku Machinjiri ana ali m'kati sizikanakhala zoseketsa.

Sukulu yatsegulidwa kale ndipo galimoto sinakonzeke. Pakadali pano maminibasi awiri otsalawo akuyenda maulendo awiriawiri, ndipo makolo ena ayamba kudandaula kuti ana akunyamulidwa 5 koloko m'mawa.

4 Okutobala 2024. Cholumikizira chathyoka

Nkhawa yanga ya mu Ogasiti yapherezera. Tinayesa galimoto pamsewu titaikamo matumba a mchenga olemera makilogalamu 600 m'malo mwa ana. Ikafika liwiro la makilomita 40 pa ola inkanjenjemera pansi pa mipando, ndipo pa tsiku lachitatu, pokwera kuchokera ku Kameza, panamveka kulira kwa chitsulo, mota n'kumazungulira yokha galimoto osasuntha. Tinaikoka ndi chingwe. Titatsegula tinapeza mano a kapakati ka kilatchi kaja atadyeka onse, ndipo powotcherera panali patang'aluka. Titayeza ndi geji, ma shafiti anali osemphana ndi pafupifupi theka la milimita, zomwe diso silingaone koma chitsulo chozungulira maulendo masauzande pa mphindi chimazimva.

Sindingaloze chala osema zitsulo, chifukwa anatsatira katoni yomwe tinawapatsa. Ulendo uno tinanyamula mota ndi giyabokosi yomwe n'kupita nazo kumakina, kuti ayeze pa zinthu zenizenizo. Anaboola mabowo atsopano a timapini tiwiri tolondolera, ndipo cholumikizira chatsopano anachisema atawotcherera kale, osati kuwotcherera pambuyo posema, kuti kutentha kusachipinde. Zinatenga K210,000 ndi masiku asanu ndi anayi. Kunjenjemera kwatheratu. Galimoto timayambira mu giya 2 n'kuyenda mu giya 3, ndipo popeza mulibe kilatchi, adalaivala amachotsa phazi pa moto n'kudikira kamphindi asanasinthe. Anatenga masiku awiri kuti phazi lawo lamanzere lisiye kufunafuna pedulo yomwe kulibe.

21 Okutobala 2024. Kutentha ndi timabokosi titatu tofooka

Mwezi uno dzuwa likuswa mtengo, ndipo batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa monga zilili ndi magalimoto ena amagetsi, imangodalira kuti kutentha kutuluke kokha kudzera m'chitsulo. M'mabokosi athu otsekedwa bwino aja kutentha kunafika madigiri 46 titatchaja masana galimoto ili padzuwa pambuyo pa ulendo wokwera mtunda. Kutentha kotere ndi komwe kumakalambitsa batire msanga. Tamanga kashedi ka malata pambali pa ofesi, tapaka mabokosi penti yoyera kunsi, ndipo taika timafani tiwiri tokoka mpweya kudzera pa sefa. Tasinthanso dongosolo kuti galimoto ikafika m'mawa izipuma ola limodzi isanabayidwe pa chaja. Tsopano sikupitirira madigiri 38.

Pa mayeso omwewa tinaona kuti pokwera mtunda galimoto inkadzichepetsera mphamvu batire ikadali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. LeafSpy inaonetsa maselo a m'timabokosi titatu akugwa msanga kuposa anzawo. Batire yolumikizidwa motsatizana imayendera selo yofooka kwambiri, choncho titatu timeneti tinkatibera makilomita pafupifupi khumi. Tinagula tina titatu pa K420,000, n'kutitchaja patokha mpaka titafanana ndi tinzake tisanatiike. Kumbuyo kwa galimoto kunali kutatsika pang'ono chifukwa cha kulemera kwa mabokosi, ndipo tawonjezera chitsulo chimodzi pa masipuling'i mbali iliyonse pa K180,000.

6 Novembala 2024. Mapepala

Galimoto yosinthidwa chonchi siyingangolowa pamsewu ndi ana. Bulubuku imanena za nambala ya injini ndi mtundu wa mafuta, ndipo zonsezi zasintha, choncho tinayenera kukakonzetsa ku Road Traffic, kuyezetsa kulemera kwa galimoto, ndi kutenga COF yatsopano, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Tinabwererako kawiri chifukwa ulendo woyamba sitinatenge kalata yogulira Leaf yosonyeza komwe mota inachokera. Amene akuyamba ntchito yotere asunge lisiti lililonse, ajambule nambala ya mota isanalowe m'galimoto, ndipo akhale ndi lipoti losainidwa ndi injiniya lofotokoza zomwe zasinthidwa. A inshuwalansi tinawauza zonse mwa kalata, chifukwa kubisa kusintha kotere n'kudzikumbira dzenje tsiku la ngozi.

18 Novembala 2024. Sabata yoyamba ndi ana

Galimoto yayamba ntchito pa nthawi yomwe mafuta akusowa m'dziko lonse. Maminibasi athu awiri a dizilo akugona pamizere ya kumalo omwetsera mafuta, ndipo Lachitatu lapitali imodzi sinanyamule ana n'komwe, pomwe yamagetsi inayenda masiku onse asanu. Makolo omwe ankadandaula mu Seputembala ena afunsa ngati ana awo angasamutsidwire m'galimoto imeneyi.

Ulendo wa m'mawa ukudya pafupifupi 8 kWh, wa masana 6 kWh. Kusiyanaku kukuchokera pa mtsetse, chifukwa dalaivala akachotsa phazi pa moto mota imasanduka jenereta n'kumabwezera magetsi mu batire kwinaku ikugwira galimoto, ndipo masana imatsetsereka ili yolemera. Tinapeza kuti m'mawa, batire ikakhala yodzaza kwambiri, kubwezeraku sikugwira ntchito pa mtsetse woyamba poti magetsi alibe kolowa, ndipo adalaivala anadzidzimuka tsiku loyamba galimoto itathamanga kuposa momwe ankayembekezera. Tsopano timatchaja kulekeza pa 90 peresenti, zomwenso zimathandiza kuti batire ikhalitse.

Vuto lomwe sitinaliganizire ndi bata. Pa Chemusa anthu amawoloka msewu akumvera khutu, ndipo pageti la sukulu mwana wina anaima kumbuyo kwa galimoto ikubwerera osadziwa kuti yayaka. Mayi wothandiza ana m'galimoto ndiwo anamuona n'kukuwa. Tsiku lomwelo tinaika kabelu kolira galimoto ikamabwerera m'mbuyo, ndi kena kolira motsika ikamayenda pang'onopang'ono.

9 Disembala 2024. Kutchaja ndi kuthima kwa magetsi

Chaja ya mu Leaf yathu ndi ya 3.3 kW, imakoka pafupifupi maampu 15 pa mavoliti 230 kwa maola angapo osapuma. Sabata yoyamba tinkabaya pa soketi wamba ya mu ofesi kudzera pa waya wotalikitsira, ndipo pulagi inasungunuka, poti mapulagi athu a mano atatu ndi a maampu 13. Taitana wamagetsi wovomerezeka yemwe wakoka waya wakewake kuchokera pa bolodi, ndi chodulira chake, soketi yabuluu ya m'mafakitale, ndodo ya pansi, komanso mita yaing'ono yowerengera mayunitsi a galimoto yokha. Zonse ndi K480,000.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuwonjezerapo a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti, ndipo n'chifukwa chake kusinthaku kukuchotsadi utsi osati kungousamutsira kwina. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu oposa awiri ndi theka a mpweya wa carbon dioxide, kutanthauza kuti minibasi yathu inkatulutsa pafupifupi makilogalamu 16 tsiku lililonse la sukulu. Koma tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, choncho galimoto ya ana siyingadalire kuti magetsi azikhalapo masana aliwonse. Mwezi uno athima kawiri nthawi yotchaja. Chomwe chatipulumutsa n'choti batire ikachoka pa 90 peresenti imatha maulendo onse awiri popanda kutchaja pakati, ngakhale imafika kusukulu madzulo itatsala pang'ono kutheratu. Lamulo lathu tsopano ndi loti galimoto izitchajidwa kawiri, masana ndi usiku, ndipo alonda aphunzitsidwa kubaya, kuzula, ndi kuimba foni ngati nyale ya chaja siyinayake pofika 10 koloko usiku. Jenereta ya sukulu tinaiyesa, koma ndi yaing'ono ndipo chaja inakana magetsi ake.

27 Januwale 2025. Mvula

Lachinayi kunagwa chimvula cha maola atatu, ndipo galimoto inadutsa m'madzi ofika theka la tayala ku Machinjiri. Inafika bwino, koma m'mawa wotsatira kakompyuta kanakana kuyatsa magetsi aakulu, kakuonetsa kuti penapake akudontha kupita ku chitsulo cha galimoto. Titatsegula bokosi lamanzere tinapeza madzi okwana kapu imodzi pansi, omwe analowera pa sefa ya timafani tomwe tinaika mu Okutobala. Mankhwala a kutentha aja ndi omwe anabweretsa matenda a madzi. Tinaumitsa bokosi tsiku lonse, n'kukweza polowera mpweya ndi paipi yopindika mpaka pamwamba pa tayala, ndipo pansi pa bokosi lililonse tinaika kabowo kotulutsira madzi kokhala ndi valavu yosalola kulowa. Galimoto inajomba masiku awiri. Adalaivala auzidwa kuti madzi akapitirira pakati pa tayala aime n'kudikira, ngakhale ana achedwe kufika kunyumba.

14 Malichi 2025. Kuwerengera

Kuphatikiza zonse zomwe ndatchula, ndi K1,200,000 ya amisiri, ndi pafupifupi K300,000 ya tinthu ting'onoting'ono monga timafani, timabelu, shedi ndi mapepala, tawononga K12,850,000. Tikachotsa K1,500,000 yomwe tinapeza pogulitsa injini ndi zotsala za Leaf, yatsala K11,350,000. Bajeti yomwe ndinapereka ku komiti mu Juni inali K9,000,000, ndipo ndavomera pamaso pawo kuti kusiyanaku kwachokera makamaka pa mabuleki, chiwongolero, soketi, ndi zinthu ziwiri zomwe tinawononga tokha chifukwa cha changu.

Pa mwezi wa masiku 20 a sukulu, dizilo inkatidyera K328,000. Mita ya galimoto ikuonetsa mayunitsi pafupifupi 320 pa mwezi, omwe tikugula cha m'ma K90,000. Tikupulumutsa K238,000 pa mwezi, osawerengera oyilo, mafyuluta ndi malamba zomwe sitigulanso. Pa miyezi isanu ndi inayi ya sukulu ndi ndalama zoposa K2,100,000 pa chaka. Tikachotsa K3,500,000 yomwe tikanagulira injini ina, ndalama zathu zibwerera m'zaka zosakwana zinayi, ngati batire ingapirire. Pamenepa ndiye pagona nkhani, chifukwa lero LeafSpy ikuonetsa 71 peresenti, kutsika kuchokera pa 74 ya mu Julayi, ndipo ikadzafika pansi pa 65 galimoto sidzathanso maulendo awiri pa tsiku lomwe magetsi athima.

Komiti inafuna kuti tiyambe minibasi yachiwiri tchuthi chikubwerachi, koma ndapempha kuti tidikire mpaka iyi idutse chilimwe china, ndipo ndalama zomwe tikupulumutsa tiziika padera zogulira batire. Injini za maminibasi awiri otsalawo zikadali zamoyo, ndipo kutulutsa injini yoyenda kuti tiikemo batire ya zaka khumi sindikuona kuti n'kwanzeru panopa. Ntchito yotsatira ndi mapanelo a sola pa denga la shedi, asanu ndi atatu a mawati 550 ndi inverter ya 5 kW, kuti kutchaja kwa masana kusamadalire magetsi a ESCOM. Wamagetsi uja abwera Lachiwiri kudzaona ngati mitengo ya denga ingasenze kulemerako, ndipo ndikukayika chifukwa shediyo tinaimanga mothamanga ndi mapaini opyapyala.